Sabata yachisanu ndi chimodzi: mpanda wa malata wandisokonezera masiginolo

Pa ntchito yanga yofufuza mbali yomwe masiginolo a wailesi akuchokera, sabata ino ndasiya kuika ma eriyo mozungulira, ndipo onse asanu ndawandanda pamzere umodzi pathabwa lalitali. KrakenSDR, chipangizo cholandirira masiginolo a wailesi chomwe ndikugwiritsa ntchito, chili ndi zolandirira zisanu zoyendera wotchi imodzi, ndipo zimenezi ndi zomwe zimandilola kuyerekeza phase ya siginolo pa eriyo iliyonse, kutanthauza pomwe funde lafika m'kukwera ndi kutsika kwake. Pa 433 MHz funde limodzi limatalika masentimita pafupifupi 69, choncho ndasiya mpata wa masentimita 34 pakati pa eriyo ndi inzake, pakuti mpatawo ukapyola theka la funde kompyuta imayamba kuloza mbali zabodza.

Ndinaika timakina tiwiri totumiza siginolo m'malo osiyana pabwalo n'kutiyatsa nthawi imodzi pa frequency imodzi. MUSIC, njira ya masamu yopezera mbali yomwe siginolo ikuchokera, yomwe Ralph Schmidt anafotokoza mu 1979, inatilekanitsa popanda vuto. Njirayi imapatula gawo la masiginolo ku gawo la phokoso, ndipo ndi ma eriyo asanu singathe kusiyanitsa magwero opitirira anayi.

Zinthu zinasokonekera nditasunthira kamakina kamodzi pafupi ndi mpanda wa malata, chifukwa mbali yomwe kompyuta inkaloza inachoka pamalo pake. Ndinataya madzulo awiri ndikukayikira mawaya, mpaka ndinawayezanso onse kuti ndione ngati ndi ofanana kutalika, koma analibe mlandu. Nditayang'ana ma eigenvalue, manambala omwe akuluakulu ake amasonyeza kuchuluka kwa magwero, ndinapeza akuluakulu awiri okha, pomwe mafunde ankafika kudzera m'njira zitatu: ziwiri zolunjika ndi imodzi yonjanja pamalata. Funde lonjanjalo ndi chithunzi chenicheni cha funde lolunjika, kungoti lafika mochedwa pang'ono, motero masamu amawawerenga awiriwo ngati gwero limodzi.

Apa ndi pomwe mzere wowongoka uja unandithandiza. Ndinagwiritsa ntchito spatial smoothing, kutanthauza kugawa ma eriyo asanuwo m'magulu awiri olowana a ma eriyo anayi anayi, kenaka n'kuphatikiza zotsatira zake. Mbali zonse zitatu zinaonekera, yachitatu ikuloza kumpanda kwenikweniko. Mtengo wake ndi woti tsopano ndikugwira ntchito ngati ndili ndi ma eriyo anayi, ndipo magwero atatu ndiwo malire. Galimoto itaima pabwalopo n'kunjanjitsa funde lina, zonse zikhoza kusokonekeranso.

Kudziwa mbali sikunandipatsebe uthenga wa kamakina kalikonse pakokha. Sabata yamawa ndiyesa njira ya Capon ya mu 1969 kuti nditseke khutu kumbali imodzi n'kumvera inayo, ndipo ndiyambira pakati pa bwalo, kutali ndi malata.