Mwendo Umene Unalendewera pa Mlatho wa Bailey

Milatho yachitsulo yam'misewu yafumbi, ija timati ya Bailey, siichedwa kukunamiza. Anaikonza koyamba Donald Bailey wa ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kuti asilikali aziimanga msanga. Amaimanga ndi zigawo zachitsulo zotchedwa mapanelo. Panelo iliyonse ndi mamita 3 m'litali, 1.5 msinkhu, yolemera pafupifupi makilogalamu 260, yoti amuna 6 anyamule. Amailumikiza ndi mapini, ndipo pini iliyonse ili ndi kachitsulo koitsekera kuti isasololoke. Zitsulozo zimapirira zaka zambiri. Chofooka ndi matabwa apamwamba.

Ife okonza milatho tikafika timayamba ndi totsekera mapini, poti anthu amakonda kutizula, kenako mabawuti ndi dzimbiri. Matabwa timawagogoda ndi hamala: labwino limalira ngwee, lowola limangoti phu.

Tsiku lina tili pa mlatho wina wotere, hamala inali ndi mnzanga kutsidya, ndipo amfumu anabwera ndi nduna zawo kudzadandaula za thabwa lina lapakati. Ndinaliyang'ana: louma, loyera, lopanda mng'alu.

"Gogo Chalo, musadere nkhawa. Ili ndi la bulugamu, ngakhale lole ya chimanga ingadutse."

Ndinaliponda mwamphamvu kuti aone. Phwo! Mwendo wonse wamanja unalowa mpaka m'ntchafu.

Thabwa limayamba kuwola kunsi, pomwe lagona pa chitsulo. Pamenepo matope amaunjikana ndi kusunga chinyezi, madzi amalowanso m'mabowo a mabawuti, pamene pamwamba dzuwa likuumitsa bwinobwino. Izi ndimaphunzitsa ine anyamata atsopano.

Kunsi amayi ankachapa. Nsapato yanga inagwera m'beseni la wina, ndiye ndinangomva, "Mayo ine! Mwendo wa ndani uwo? Sokosi yake yobooka chonchi, alibe mkazi?"

Anyamata anandigwira m'khwapa kuti andikoke, ine kukuwa. Thabwa likathyokera pansi, zibenthu zake zimaloza pansi, ndiye ukakoka mwendo zimatsekeka ndi kuluma mnofu. Njira yake ndi kumasula mabawuti, kulowetsa mgwala ndi kutukula thabwa lonse. Koma mabawuti anali atagwirana ndi dzimbiri, tinachita kupempha oyilo wakuda kwa wanjinga yamoto, kuthira, ndi kudikira kuti alowerere.

Mlatho wotere ndi wa galimoto imodzi basi. Uku minibasi, uko ngolo, akabaza mbali zonse, onse akudikira mwendo wanga. Kondakitala anatsika, kundizungulira, ndi kufunsa ngati nanenso ndili pa mndandanda wa zinthu zosintha.

Thabwa litatukuka, ine ndinatuluka koma mwendo wa buluku unatsala pa zibenthu. Kamnyamata kanabwera ndi nsapato yonyowa, koma kanakana kundipatsa mpaka nditakagulira mandasi.

Amfumu anali chete nthawi yonseyi. Kenaka anatsokomola pang'ono, naloza thabwa loyandikana nalo ndi ndodo yawo.

"Bambo, ilinso tikulikayikira. Mwendo winawo ukadali bwino, eti?"