Mapikapu awiri ochokera ku Joni

Msuweni wanga atatumiza uthenga woti wandigulira mapikapu awiri ku Joni, amayi anayamba kusesa pabwalo kuti magalimotowo apeze poima. Pakutha pa sabata Ndirande yense anali atamva. Katunduyo anafika atakulungidwa mu sokosi imodzi.

Anali mapikapu a gitala otchedwa humbucker, tizitsulo totola mawu a nsambo. Pikapu yanga yakale inkalira ngati mng'oma wa njuchi ndikangoyandikira ampu. Humbucker ili ndi makoyilo awiri okulungidwa mosemphana, maginito akenso motembenuzana, ndiye phokoso la magetsi limaphana lokha, nyimbo n'kutsala. Nzeru imeneyi anabwera nayo Seth Lover wa kampani ya Gibson, ndipo inayamba kuoneka pa magitala awo mu 1957. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, n'chifukwa chake sindinafunse munthu.

Imodzi inali ya kampani ya Seymour Duncan, inayo ya kampani ya DiMarzio, iliyonse ndi mawaya anayi: wakuda, woyera, wofiira ndi wobiriwira, kuphatikiza kena kosavala. Pepala la malangizo linali la Seymour Duncan lokha. Wakuda ndiye wotulutsa mawu, wofiira ndi woyera amangidwe pamodzi, wobiriwira ndi wosavalayo apite ku ethi. Ndinati waya wakuda ndi wakuda basi, kaya wabadwira kuti.

Lachisanu usiku, nditangoyamba kuwotcherera, magetsi thii! Ukwati woti tikayimbeko unali mawa lake ku Chilomoni. Ndinatenga msomali wa mainchesi sikisi, kuuika pambaula pomwe amayi ankaphikapo nyemba, n'kumaugwira ndi pulayala. Solda inasungunuka ndithu. Pulasitiki ya pagitala nayonso inasungunuka, chala changa chamkombaphala n'kulawako. Kuyesa sindinayese, ampu ikanayaka ndi chiyani?

Tsono pa perekaniperekani, akuchikazi atandandama ndi ndalama m'manja, woyimba ng'oma anandikodola kuti nthawi yanga yakwana. Ndinakankhira switchi ku DiMarzio ija, mwendo umodzi pa sipika, maso kumwamba. Chomwe chinatuluka ndi kamawu kowonda, kam'mphuno, ngati udzudzu wa mwezi wa Januwale, pansi pake njuchi zija zitabwera ndi abale awo. Azakhali ena anadziwomba khofi pakhutu. Ndinawonjezera voliyumu, udzudzu unangonenepa. Wotsogolera mwambo anati, "Achimwene a gitala, tapumulani kaye, wa kiyibodi atithandize."

Lolemba ndinanyamula gitala kupita kwa bambo ena okonza mawailesi ku Limbe. Anatsegula kumbuyo, kununkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munawotcherera ndi chiyani, mwana wanga?"

"Magetsi anazima, bambo."

"Sindinafunse za magetsi."

Anagwiritsa kamita kawo pamawaya aja uku akupukusa mutu. Kwa DiMarzio wotulutsa mawu ndi wofiira, omangidwa pamodzi ndi wakuda ndi woyera. Ine ndinali nditatembenuza koyilo imodzi, ndiye awiriwo ankalimbana okhaokha: ankapha nyimbo, phokoso n'kulisiya. Anakonza m'mphindi khumi, koma anandilipiritsa kawiri, kwinako akuti ndi kochotsa makala.

Ndikulowa pageti madzulo, ndinapeza amayi akucheza ndi aneba.

"Ndi ameneyu mwini mapikapu," anatero. "Mufunseni akunyamulireni chimanga ku Lunzu."