Lipoti la ulendo wa gulu lathu ku Svalbard

Mwezi wa Ogasiti gulu lathu la ophunzira za nyengo linakwera ndege ku Tromsø, m'dziko la Norway, kupita ku Longyearbyen, tawuni yaikulu ya pa zisumbu za Svalbard, zimene zili kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. Tinkafuna kukaona ndi maso ma glacier, mitsinje ya ayezi imene timangoiona pa zithunzi za setilaiti. Maphunziro a m'kalasi tinachitira ku UNIS, sukulu ya ukachenjede ya ku Longyearbyen. Kumeneko sutuluka m'tawuni popanda munthu wa mfuti chifukwa cha zimbalangondo zoyera, ndiye palibe amene ankayenda payekha.

Tsiku lofunika kwambiri linali la boti lopita ku Tempelfjorden, chigawo cha nyanja cholowa kumtunda, komwe glacier wotchedwa Tunabreen amathera m'nyanja. Ameneyu sayenda mwakachetechete ngati anzake. Amatha zaka zambiri akubwerera m'mbuyo, kenako n'kuyamba kuthamanga mwadzidzidzi kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Anatero cha m'ma 1930, cha m'ma 1970, komanso kuyambira 2003 mpaka 2005. Potengera kalendala imeneyi, akatswiri ankaganiza kuti apuma zaka makumi angapo, koma mu 2016 anayambiranso. Chimene chimachitika n'chakuti madzi amadzaza pansi pa ayeziyo, matope amene wakhalapo amafewa, ndipo mulu wonsewo umayamba kutsetsereka.

Pa botipo panabuka mkangano. Mnzathu wina anafunsa kuti ngati glacier akupita kutsogolo, bwanji tikunena kuti ayezi akutha? Aphunzitsi anayankha kuti ayeziyo sanachuluke, wangosamuka. Wachoka kumtunda kozizira n'kutsikira kumunsi kofunda, komwe amang'ambika, kusungunuka msanga ndi kugumukira m'nyanja. Zili ngati kutulutsa chimanga m'nkhokwe n'kuchiyala pabwalo: chimaoneka chambiri, koma nkhuku zachipeza.

Apa mpamene pali vuto pa kulosera zam'tsogolo. Mawerengero ambiri a pa kompyuta amaphunzitsidwa ndi miyeso ya setilaiti ya zaka za 2000 mpaka 2019. Zaka 20 n'zochepa kwa glacier amene amathamanga kamodzi pa zaka 40 kapena 100. Ngati anathamanga mkati mwa zaka zimenezo, kompyuta imaganiza kuti amataya ayezi choncho masiku onse, n'kukokomeza zimene zidzachitike. Ngati anali chete, imaganiza kuti adzakhala chete mpaka 2100. Konsekonse yankho limapotoka, ndipo palibe amene angatchule chaka chimene glacier wakutiwakuti adzadzuke.

Ine ndinachoka pa zokambiranazi ndi maganizo akuti ziwerengero za dziko lonse n'zodalirika ndithu. Kafukufuku wa mu magazini ya Science mu 2023 anapeza kuti ma glacier adzataya 26 peresenti ya ayezi wawo pofika 2100 ngati dziko litentha ndi madigiri 1.5, kapena 41 peresenti ngati litentha ndi madigiri 4. Ma glacier othamangawa ndi pafupifupi 1 peresenti ya onse, choncho sangagwedeze kwambiri chiwerengero chimenecho. Koma anaunjikana m'madera ochepa monga Svalbard, Alaska ndi mapiri a Karakoram ku Asia, ndipo ena ndi aakulu zedi. Ku Svalbard, glacier wotchedwa Nathorstbreen anapita kutsogolo makilomita pafupifupi 15 atayamba kuthamanga cha m'ma 2009. Basin-3, chigawo china cha chimulu chachikulu cha ayezi cha ku Svalbard chotchedwa Austfonna, chinayamba kuthamanga mu 2012. Munthu akakupatsa chiwerengero cha Svalbard yekha, uyenera kumufunsa kuti ma glacier amenewa wawawerengera bwanji.

Za chakudya ndi kugona zinayenda bwino, kupatula kuti dzuwa silinkalowa ndipo ena tulo tinkatisowa.

Pa msonkhano womaliza tinagawana ntchito. Gulu loyamba lidzayerekezera zithunzi za setilaiti ya Sentinel-1 za Negribreen, glacier wina wa ku Svalbard amene anayamba kuthamanga mu 2016. Lachiwiri lidzayendetsa mawerengero a Tunabreen kawiri, poyamba ndi zaka zothamanga, kenako osaziphatikiza, kuti tione kusiyana kwake pofika 2100.