Zikomo nonse amene munaima nafe pa matenda a bambo a kunyumba

Bambo a kunyumba atuluka m'chipatala ku Tete ndipo tafika bwino kuno ku Ulongwe. Mtima wawo unavulala ndithu chifukwa cha mafuta ochuluka m'magazi, koma ali moyo, akudya, ndipo akuyenda okha pabwalo.

Achimwene a chapa amene munavomera kutinyamula usiku uja osayamba mwafunsa za ndalama, Mulungu akudalitseni. Amayi a chigwirizano, mametikali amene munasonkha ndi amene tinadyera masiku onse kuchipatala. Alamu anga a ku Domwe, mbatatesi yathu ikanaolera m'munda mukanapanda kukumba.

Adokotala amene anakhala nafe pansi n'kutifotokozera m'chinenero chathu, sindidzawaiwala. Ine ndinkadabwa kuti munthu wowonda, wolima tsiku ndi tsiku, wosadya nyama kawirikawiri, angapezeke bwanji ndi mafuta ochuluka chotere m'magazi. Anati mafuta sasakanikirana ndi madzi, choncho m'magazi amayenda atanyamulidwa ndi mapuloteni otchedwa apolipoprotein. Ina mwa iwo, ApoB, imanyamula mafuta oipa otchedwa kolesterolo wa LDL, ndipo chiwindi chimaigwira n'kuchotsa mafutawo. Anthu ena amabadwa jini (malangizo a m'thupi otengera kwa makolo) yopanga ApoB, kapena yopanga pogwirira pake m'chiwindi, ili yosinthika. Zikatero mafuta amangozungulira n'kumamatira m'mitsempha kuyambira ubwana. Vutoli limapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 250, ndipo kholo likakhala nalo, pa ana awiri alionse mmodzi akhoza kulitengera. Anatchulanso apolipoprotein ina, ApoE, imene ili mitundu itatu, E2, E3 ndi E4. Wa E4 umakweza LDL pang'ono, ndipo umapezeka kwambiri mwa ife a mu Africa kuposa azungu.

Adokotalawo ataona timatuza tachikasu pazikope za bambo, ndi chotupa cholimba pamtsempha wa kuchidendene chimene ife tinkati n'cha nsapato, anafunsa mmene apongozi anga aamuna anamwalirira. Anagwa m'munda asanakalambe n'komwe.

Apa ndi pamene ndikufuna kuthokoza azakhali awo a bambo. Maliro aja atachitika, mudzi wonse unakulozani chala. Munasalidwa zaka zambiri, ana ankathawa pakhomo panu. Koma mutamva kuti mwana wa mlongo wanu wagonekedwa, munali oyamba kufika, ndi ufa pamutu. Azakhali, inu simunalodze munthu. Matendawa ali m'magazi a banja lathu, ndipo ndikulemba poyera kuti onse amene ananena amve.

Bambo ayamba kumwa mankhwala a statin, ochepetsa mafuta m'magazi, tsiku lililonse, ndipo sadzasiya ngakhale akumva bwino, chifukwa kusala mafuta kokha sikukwanira pa vuto lobadwa nalo. Ana athu tikukawayezetsa mwezi wamawa. Alamu ndi alongo awo onse a bambo, a ku Tsangano ndi inu a ku Dedza, tiimbirane foni kuti tipangane tsiku, tidzapite limodzi.