Nginx ndi Dovecot zinkangodikirirana

Kuntchito tinaika pulogalamu ya nginx kutsogolo kuti izilandira anthu otsegula maimelo pa port 993, khomo lolowera mobisika, kenako iziwapititsa ku seva ya Dovecot yosunga maimelowo, yomwe ili pa makina ena. Mbali ya anthuyo inayenda bwino tsiku lomwelo. Satifiketi, yomwe imatsimikizira kuti seva ndi yeniyeni, inali bwinobwino. Kumbuyoko ndiye kunandidyera masiku awiri.

Nginx sisankha yokha komwe ipititse munthu. Imafunsa kapulogalamu ka auth_http, komwe kamayankha ndi Auth-Status, Auth-Server ndi Auth-Port, kutanthauza ngati munthuyo waloledwa, seva yoti apiteko ndi khomo lake. Poyamba pa Auth-Server ndinalemba dzina la seva, ndipo zinakana. Pamafunika adiresi ya IP. Nditakonza, ndinaika port 143, khomo losabisika. Dovecot inandibweza chifukwa cha disable_plaintext_auth, yomwe silola pasiwedi kudutsa pa njira yosabisika. Mnzanga anati tingoizimitsa. Ndinakana, poti makina awiriwa sali m'chipinda chimodzi, ndipo mapasiwedi a ofesi yonse akanamayenda poyera.

Ndiye ndinati basi, ndiike 993. Apa ndi pomwe mutu unaima. Palibe chokana, palibe chovomera, kungoti zii! Pakatha masekondi 60 kulumikizana kunkaduka, mu error.log, fayilo yomwe nginx imalembamo zolakwika, n'kungolembedwa kuti nthawi yatha. Ndinakayikira firewall, yomwe imatseka makomo ena, koma nditayesa kulumikiza mobisika ndi openssl s_client -connect pa makina a nginx omwewo, Dovecot inayankha msangamsanga, satifiketi n'kuoneka yonse.

Ndinazitulukira nditayatsa tcpdump, pulogalamu yoonetsa zomwe zikudutsa pa netiweki. Makina awiriwa ankalumikizana ndithu, koma panalibe woyamba kulankhula. Pa 993, Dovecot imadikira kuti wobwerayo ayambitse TLS, njira yobisira mauthenga. Nginx nayo imadikira moni wa IMAP, chilankhulo chotsegulira maimelo, chifukwa gawo lake la maimelo silibisa zopita ku seva ya kumbuyo. Mizere yonse ya ssl, ya zobisa, yomwe ndinkasinthasintha mu nginx imakhudza mbali ya anthu yokha. Kulakwa kunali kwanga, ndinkaganiza kuti kubisa zopita kumbuyo komwe proxy_ssl imachita pa stream, gawo lina la nginx, kuliponso ku mail, gawo la maimelo.

Chomwe chinandipulumutsa ndi stunnel, pulogalamu yomwe imalandira zosabisika n'kuzitumiza zitabisidwa. Ndinaiika pa makina a nginx, ndi client = yes, kuti izimvera pa 127.0.0.1:1143, kutanthauza khomo 1143 la makina omwewo, n'kumalumikiza ku Dovecot pa 993. Mu auth_http ndinasintha Auth-Server kukhala 127.0.0.1, Auth-Port kukhala 1143. Choncho zosabisikazo zimathera m'makina momwemo, osatulukamo.

Pano musachite ulesi. Stunnel mukangoisiya choncho imabisa, koma sifufuza kuti ikulankhula ndi ndani. Ndinawonjezera verifyChain = yes, CAfile ndi checkHost kuti izifufuza satifiketi ya Dovecot ndi dzina lake. Inakananso kamodzi, poti dzina lomwe ndinalemba pa checkHost silinali lomwe lili pa satifiketi. Nditalemba dzina lenilenilo n'kuyambitsanso stunnel, pulogalamu ya maimelo ya Thunderbird inatsegula bokosi langa la maimelo nthawi yomweyo. Lolemba ndichitanso chimodzimodzi ndi POP3, njira ina yotsegulira maimelo, pa 995, poti pali awiri a ku akaunti omwe amaigwiritsabe ntchito.