Nkhani yaifupi yandilowa tsopano

Sabata ino mtima wanga wakhala m'malo. Kuyambira Fomu 3 ndakhala ndikuloweza zija timayenera kutchula akatifunsa za nkhani yaifupi: ampangankhani (anthu a m'nkhani), malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa zochitika, mfundo zazikulu, mfotokozankhani. Matanthauzo ake sindibwereza, nonse muli nawo m'makope. Ine ndimatha kuzilakatula zonsezo osapuma, koma akandipatsa nkhani yoti sindinaionepo, mutu umaima. Chilichonse chinkakhala pachokha, ndipo sindinkaona chomwe chikuzimanga pamodzi.

Chomwe chikuzimanga ndi ichi: m'nkhani muli munthu amene akufuna chinthu, ndipo pali china chake chikumutchinga. Basi. Ndicho chija amatilembetsa kuti mkangano, n'kuchiika pa nambala yachinayi kapena yachisanu ngati kuti ndi chofanana ndi zinzakezo. Ayi ndithu, sichofanana nazo. Zinazo zonse zimabadwa kuchokera pamenepa.

Ndinayamba kuyesera pa nthano yomwe aliyense amaidziwa, ya Kalulu ndi chitsime. Kwagwa chilala, nyama zagwirizana zokumba chitsime, Kalulu wakana kukumba nawo. Ludzu likamugwira akufuna madzi, koma pachitsime aikapo mlonda. Onani tsopano mmene zina zonse zikutulukira zokha. Chilala chija ndicho nthawi ya nkhani, ndipo sichinangoikidwa kuti chikongoletse: kukanakhala kuti ndi m'dzinja, madzi ali paliponse, nthano yonse ikanathera pa "Padangotero". Khalidwe la Kalulu sitikulidziwa chifukwa wina watiuza kuti ndi wochenjera, tikulidziwa poona zomwe akuchita atatchingidwa, kubwera ndi uchi, kunyengerera mlonda mpaka kumumanga. Tsatanetsatane ndi kuyesa kwake kobwerezabwereza, mlonda uyu wapusitsidwa, wina wapusitsidwanso, zinthu zikukulirakulira. Pampondachimera, pachimake penipeni pa nkhani, ndi pamene wakumana ndi Kamba wodzola ulimbo, pamene nzeru zake zija zakanika. Ndipo mfundo yaikulu, yomwe kale ndinkangoilota n'kulemba kuti "ulesi ndi woipa", ikuchokera pa funso lakuti wapeza chiyani ndipo wataya chiyani pofunafuna madziwo.

Nthano si nkhani yaifupi, ndikudziwa. Nthano ndi ya pakamwa, ili ndi nyimbo ndi omvera oyankha "Tili tonse", pomwe nkhani yaifupi ndi yolembedwa ndi munthu mmodzi. Koma mafupa ake ndi omwewo, ndipo ndikanakonda wina akanandiuza zimenezi kalekale.

Malo ndi nthawi ndiye ndakondwa nazo kwambiri, chifukwa ndi pamene ndinkataya malikisi mosadziwa chifukwa chake. Ndinkalemba kuti "nkhaniyi ikuchitikira kumudzi, nthawi ya dzinja" n'kuima. Tsopano ndimadzifunsa kuti mudziwo ndi dzinjalo zikumuchita chiyani mpangankhani. Tiyerekeze mtsikana watumidwa kuchigayo kutsidya kwa mtsinje mwezi wa February, m'nyumba ufa watha, kaligo wa chimanga ali naye ndi womaliza, ndipo mvula yagwa kumtunda, mtsinje wadzaza. February kwathu kuno si mwezi wamba. Nkhokwe zimakhala zitauma, chimanga cham'munda chisanakhwime, mtengo pamsika utakwera. Mlembi akasankha mwezi umenewo wasankha kale chomutchinga mtsikanayo. Mukaisamutsira nkhani yomweyo mu June, anthu atakolola, mtsinje utaphwa, palibenso nkhani. Kuyankha funso la malo ndi nthawi ndi kuonetsa zimenezi.

Njira yanga tsopano ndi mafunso atatu omwe ndimalemba ndi pensulo m'mbali mwa tsamba ndisanachite china chilichonse. Akufuna chiyani? Chikumutchinga n'chiyani? Pomaliza wasintha bwanji? Ndikunena mosabisa, ndikuona kuti njira imeneyi ikuposa notsi zonse zomwe ndakopera zaka ziwiri. Ndaigwiritsa ntchito pa nkhani za m'buku lathu la Chichewa, pa za Chingerezi, pa zija zimatuluka m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, ngakhale pa masewero a pa wailesi, ndipo pa zambiri sinandigwiritse mwala. Yandithandizanso kusiyanitsa mpangankhani wamkulu ndi ena. Si amene dzina lake latchulidwa kambirimbiri, koma amene kufuna kwake kukuyendetsa nkhani. Ndikanakhala ine wophunzitsa, tsiku loyamba ndikanangolemba mafunso atatuwa pabolodi, zina zonse n'kudikira.

Yandimasuliranso chifukwa chake nkhani yaifupi imakhala ndi anthu ochepa. Edgar Allan Poe, mlembi wa ku America, analemba mu 1842 kuti nkhani yotere iyenera kuwerengeka munthu atakhala pansi kamodzi, ndipo chilichonse chili m'menemo chizikokera ku cholinga chimodzi. Ngati kufuna kuli kumodzi, chotchinga chimodzi, ndiye azakhali ndi anansi khumi alowamo kudzatani? Buku lalitali lili ndi malo a anthu ambiri ofuna zinthu zosiyanasiyana. Nkhani ya masamba anayi ilibe.

Pali china chikundiwawa. Chithunzi cha phiri chija amatijambulira, chiyambi m'munsi, pampondachimera pansonga, mathero kutsidya, chinachokera kwa Gustav Freytag wa ku Germany, amene anachifotokoza mu 1863 pokamba za masewero a zigawo zisanu. Sichinali cha nkhani zazifupi. N'chifukwa chake ndinkavutika kupeza mbali yotsetsereka ija, chifukwa nkhani zazifupi zambiri zimafika pansonga n'kutha pomwepo, mwina patangotsala ndime imodzi. Ife tinkakakamiza nkhani kuti ikwane m'phirimo, ikakana n'kumaganiza kuti ndife mbuli. Mphindi makumi anayi za phunziro zimathera kukopera notsi pabolodi, belu n'kulira nkhaniyo tisanaitsegule n'komwe. Buku limodzi timagawana gulu lonse, wina akapita nalo kwawo Lachisanu ndiye mpaka Lolemba. Ukafunsa kuti "Aphunzitsi, mfundo yaikuluyi mwaipeza bwanji?" yankho limakhala lakuti lembani, nthawi yatha, silabasi ndi yaitali. Sindikuti aphunzitsi ndi aulesi. Kalasi ndi yodzaza, MSCE ili pakhomo, nawonso akuthamangitsidwa. Koma zikundipweteka kuti chinthu chotheka kuchifotokoza mphindi khumi chanditengera nthawi yonseyi, ndipo anzanga ena alowa m'chipinda cha mayeso akuloweza mfundo za nkhani zomwe sanazimvetse.

Komabe pali pamene mafunso anga akundisiya panjira, ndipo ndi pa mfotokozankhani. Kusiyanitsa "ine" ndi "iye" ndimatha. Chomwe sindinagwire ndi chifukwa chomwe mlembi amasankhira mmodzi kusiya winayo. Nkhani ya mtsikana wa kuchigayo ija, ataifotokoza yekha, tikudziwiratu kuti mtsinje sunamutenge, ndiye mantha ena achepa. Ataifotokoza mayi ake omwe akudikira kunyumba, mwina mpangankhani wamkulu wasintha, wofuna chinthu tsopano ndi mayiyo. Kodi ndiye kuti mfotokozankhani ndi amene amasankha kufuna komwe tikutsata, kutanthauza kuti iyeyo ndiye amabwera poyamba osati mkangano? Ndikaganiza choncho njira yanga imagwedezeka pang'ono.

Ndakumananso ndi nkhani ina momwe bambo wachikulire wangokhala pakhonde kukumbukira zakale, osafuna kanthu kooneka, koma nditamaliza kuiwerenga inandikhudza kuposa zambiri. Ndayesa kunena kuti akufuna zakale zibwerere ndipo chomutchinga ndi nthawi, koma ndikumva ngati ndikuikakamiza, chimodzimodzi mmene tinkachitira ndi phiri lija. Mwina ndi choncho, mwina ayi. Amene mwaiona bwino mbali imeneyi mundithandize, chifukwa ikabwera yotereyi pa mayeso sindikudziwa kuti ndiyambira pati.