Foni inanditengetsa madeya a nkhumba

Amangwetu ine ndinkati anthu amangokokomeza za mafonizi, mpaka holide yapitayi nditapita kwathu ku Ntcheu kuchokera kukoleji ku Zomba. Foni yangayo inali itandiuza kale kuti ndimaiyang'ana maola 9 pa tsiku koma ndinangoti aaa, kabodza aka.

Ndiye Lachisanu lina mayi anandituma kuchigayo. Mphale imeneyo anali ataivutikira zedi, kukonola, kuviika masiku atatu, kutsuka, kuyanika pamkeka uku akulimbana ndi nkhuku za eni, chifukwa Loweruka kumabwera akuchimuna kudzakamba za chinkhoswe cha achemwali anga, ndipo alendo oterewa sungawaphikire mgaiwa ayi, mudzi wonse ungakuseke.

Kuchigayo mzere unali wautali koma netiweki yake eee, osati yakunyumba yochita kukwera pachulu. Ndinangoponya thumba pamzere, kumuuza mnyamata wa pachigayo kuti andigayire, ine pansi pa mtengo wa mango TikTok yayamba. Kavidiyo kamodzi, kenako kena, kenako ka munthu wina akuphika zinthu zoti ine sindidzadyako mpaka kufa, mpaka ndinangomva "achimwene thumba lanu ilo!" Mutu sindinadzutse. Dzanja ili foni, dzanja ili thumba, kumanga panjinga, ulendo. Ndinamva ndithu kuti lapepuka koma ndinaganiza kuti mwina ndayamba mphamvu.

Kufika pakhomo mayi kumasula thumba lija anangoti ziii. Kenako mwaulemu wake, "Iwe, alamu akowo ndi nkhumba?" Madeya okhaokha anthuni, ena atayamba kale kununkha chuku.

Ndinapalasa njinga ngati ndathawa njuchi. Pachigayo anandilozera kutsidya kwa mtsinje kwa bambo ena oweta nkhumba, ndipo kufika kumeneko ndinapeza banja lonse lili pamphasa, nsima yoyera mbee, ana akunyambita zala. Bambowo osatekeseka nkomwe, akuti "Mwana wanga, ifetu timati ndi zija za ku Kana zija, madzi kusanduka vinyo. Sambani m'manja." Ndipo ndisaname ndinadya nawo mitanda iwiri, njala inali itandipweteka, ufa wake unali wathu womwe.

Ndinabwerera ndi theka la thumba. Mayi sanakalipe, anangotambasula dzanja, kutenga foni kuimanga pansonga ya chitenje pamene amasunga ndalama za kumpingo, ndipo inakhala pamenepo mpaka tsiku lobwerera kusukulu, ikangonjenjemera iwo nkumati "anzako a m'galasi akukufuna."

Loweruka alendo atakhala pansi, amalume anayamba kutchula ana a pakhomo mmodzimmodzi. Atafika pa ine anatsokomola kaye.

"Uyu ndiye wa ku koleji uja. Akuphunzira za ulimi wa nkhumba."

Ine ndimaphunzira za makompyuta.